Kodi sitima yoyenda pamwamba pa msewu ingathetse kuthithikana kwa magalimoto m'tauni?

"Zikomo a injiniya. Ine ndine mayi wa bizinesi, ndili ndi shopu ya zovala ku Limbe ndipo nthawi zina ndimakapikula katundu ku Bangkok. Kumeneko kuli sitima yoyenda pamwamba pa msewu, pa zipilala za konkire. Tsiku loyamba ndinkaopa ngakhale kudutsa kunsi kwake, koma nditaikwera ndinaona kuti ulendo umene unkanditengera ola lathunthu pa takisi ndauyenda mphindi 15 zokha. Chibwerereni ndakhala ndikutsutsana ndi achimwene anga. Ine ndikuti zimenezi n'zimene zikufunika pakati pa Limbe ndi Blantyre, ngakhalenso ku Lilongwe. Iwo akuti amenewo ndi maloto a chumba, komanso chinthu choterocho chikhoza kudzagwera anthu. Kodi ubwino wake weniweni ndi wotani, n'choopsa bwanji, nanga kwathu kuno chingatheke?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mantha amene munali nawo tsiku loyamba lija ndi achibadwa, koma mtima ukhale m'malo. Njanji ya m'mwamba inayamba kalekale. Mumzinda wa Chicago ku America sitima zakhala zikuyenda pamwamba pa misewu kuyambira 1892, ku Manila kuyambira 1984, ndipo imene munakwera inuyo, ya BTS, inatsegulidwa pa 5 December 1999. Munthu amene ali m'sitima ija amakhala wotetezeka kwambiri kuposa amene ali m'takisi kapena pa njinga yamoto pansi pake. Komabe achimwene anu musawanyoze. Pa nkhani ya ngozi akukokomeza, koma pa nkhani ya ndalama ali ndi mfundo yolemera, ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi mphindi 15 zanuzo. Anthu ambiri amaganiza kuti sitima ija imafika msanga chifukwa imathamanga kwambiri. Ayi ndithu. Ikatsegula kwambiri imafika makilomita 80 pa ola, ndipo tikawerengera kuima m'masiteshoni, liwiro lake la ulendo wonse limakhala makilomita 30 mpaka 35 pa ola. Galimoto iliyonse ikhoza kuposa pamenepa msewu utakhala wopanda kanthu. Chimene sitima ili nacho ndi njira yakeyake. Siikumana ndi maloboti, siidikira pa raundabauti, palibe minibasi yoima pakati pa msewu kuti ikweze munthu, palibe lole yofera pa mphambano, palibe woyenda pansi wodumpha njanji. Choncho ulendo umene umatenga mphindi 15 m'mawa umatenganso mphindi 15 madzulo, kaya mvula igwe kaya kukhale maliro a munthu wotchuka. Kwa munthu wa ntchito ndi wa bizinesi, kudziwa nthawi yofika n'kofunika kuposa liwiro lenilenilo, chifukwa sasowanso kunyamuka ola limodzi nthawi isanakwane poopa zam'njira.

Ubwino wachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu amene njanji imanyamula pa malo ochepa. Tiwerengere limodzi. Sitima ya mabogi 4 imanyamula anthu pafupifupi 1,000 mosapanikizana kwambiri, ambiri ataimirira. Ikamabwera mphindi 3 zilizonse, ndiye kuti pa ola zimadutsa sitima 20, anthu 20,000 kulowera mbali imodzi yokha. Kuti maminibasi onyamula anthu 15 agwire ntchito yomweyo pangafunike maulendo oposa 1,300 pa ola, kutanthauza kuti minibasi izinyamuka masekondi atatu asanakwane, yodzaza kale, popanda yotsekereza inzake pa siteji. Mzere umodzi wa msewu wa m'tauni wokhala ndi maloboti umadutsitsa magalimoto osafika 1,000 pa ola, ndipo ambiri mwa magalimoto ang'onoang'ono amakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri. Mukawonjezera mabogi kufika pa 6 n'kufupikitsa nthawi yodikira, njanji yomweyo imapitirira anthu 30,000 pa ola osawonjezera chipilala ngakhale chimodzi. Palibe msewu umene mungaukuze kufika pamenepo popanda kugumula theka la tauni.

Nanga n'chifukwa chiyani amaikweza m'mwamba? Njira ya sitima ya m'tauni ikhoza kukhala pansi pamodzi ndi msewu, m'mwamba, kapena kunsi kwa nthaka. Mawerengedwe a mainjiniya akhala akuti ngati njanji ya pansi idya ndalama gawo limodzi, ya m'mwamba imadya magawo awiri kapena awiri ndi theka, ndipo ya kunsi kwa nthaka imadya magawo 4 mpaka 6. Ya pansi ndi yotsika mtengo, koma imalanda mizere ya msewu ndipo imadula tauni pawiri, chifukwa amaitchingira ndi mpanda ndipo anthu amazungulira mtunda kuti akapeze podumphira. Izi zimaoneka bwino mbali zina za njanji ya ku Addis Ababa. Ya kunsi kwa nthaka siisokoneza maonekedwe a tauni ngakhale pang'ono, koma kuboola nthaka n'kodula, kumachedwa, ndipo masiteshoni ake amafuna mafani, magetsi owala usana ndi usiku komanso mapampu ochotsa madzi moyo wake wonse. Ku Bangkok komweko njanji ya kunsi kwa nthaka inatsegulidwa mu 2004, ndipo ngati munaikwera munaona kuti polowa mu siteshoni mumayamba mwakwera masitepe angapo musanatsikire pansi. Anachita dala kuti madzi osefukira asalowe. Ya m'mwamba vuto limenelo ilibe, moti pa kusefukira kwa madzi kwa 2011 sitima za BTS zinkayendabe. Malo amene imatenga pansi ndi kachilumba ka pakati pa msewu basi, kotambalala mamita awiri ndi theka kapena atatu.

Ndifotokoze pang'ono mmene amamangira, chifukwa mukadziwa chimene chanyamula sitima ija mantha amachepa. Chimene mumaona ndi maso ndi theka chabe. Asanaimike chipilala amayamba aboola nthaka pamalo aliwonse amene chipilala chidzaime n'kutenga dothi kukaliyeza. Kenako makina amaboola mayenje ozungulira otambalala mita imodzi kapena kuposerapo, amalowetsamo khola la zitsulo n'kuthiramo konkire. Dothi la ku Bangkok ndi lofewa ngati la kudambo, choncho mizati yokwiriridwayi imatsika mamita 30 mpaka 50 kuti ikapeze dothi lolimba. Kumene thanthwe lili pafupi, monga mbali zambiri za Blantyre, siifunika kuzama choncho. Pamwamba pa mizati ingapo amathirapo chisilabu chokhuthala choimangirira pamodzi, ndipo chipilala chimamera pamenepo, chonenepa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Zipilala zimatalikirana mamita 25 mpaka 35, ndipo kunsi kwa mlatho kumasiyidwa mpata wosachepera mamita 5.5 kuti malole ndi mabasi akuluakulu azidutsa osagunda.

Mlatho weniweniwo saumangira pamsewu. Amaumba zidutswa zake ku bwalo lapadera kunja kwa tauni, chidutswa chilichonse chotalika pafupifupi mamita atatu, chamkati mwake mwamphako. Usiku malole amabweretsa zidutswazo, ndipo chimakina chachitsulo chimene chakhala pamwamba pa zipilala ziwiri, chimene amisiri amachitchula kuti gantry, chimazikweza chimodzichimodzi n'kuzindandalika. Pokumana zidutswa amapaka guluu wapadera, kenako amalowetsa zingwe zachitsulo kuchokera mbali ina kufika mbali ina n'kuzikoka ndi majeki mpaka zidutswa zonse zitafinyana n'kukhala mtanda umodzi. Mphamvu ya mlatho ili mu zingwe zimenezi. Mtandawo sukhala mwachindunji pa chipilala. Umatsamira pa mabering'i a labala ndi chitsulo amene amaulola kufutukuka kukatentha ndi kubwerera kukazizira. Gantry ikamaliza mpata umodzi imadzikankha yokha kupita pa chipilala chotsatira, ndipo ntchito ikamayenda bwino mpata umodzi umatha m'masiku ochepa. Ichi n'chifukwa chake njanji ya m'mwamba ikhoza kutha m'zaka 3 mpaka 5 ndalama zikakhala zilipo.

Zaka zimenezo, komabe, n'zowawa kwa anthu a m'mbali mwa msewu, ndipo inu monga mwini shopu muyenera kumva bwino pamenepa. Pomanga zipilala amatchinga pakati pa msewu mamita 8 mpaka 10, ndiye kuti mzere umodzi mbali iliyonse watha. Fumbi, matope, phokoso la usiku, makasitomala kusowa poimika galimoto. Chimene chimachedwetsa ntchito kwambiri ndi zimene zili kunsi kwa phula: mapaipi a madzi, mapaipi a zonyansa, nthambo za magetsi ndi za intaneti. Mapu akale nthawi zambiri amanama, paipi imene yajambulidwa kumanzere imapezeka pakati penipeni pamene pakufunika chipilala. Kontirakitala wanzeru amayamba wakumba timaenje toyesera ndi manja, n'kusuntha zonsezi ntchito yaikulu isanayambe. Akalumpha gawo limeneli, mudzamva kuti dera lonse lakhala sabata lopanda madzi.

Ikatha kumangidwa nayonso ili ndi zovuta zake zosatha. Mlatho wa njanji ziwiri ndi wotambalala mamita 8 mpaka 10, koma siteshoni imafika mamita 20 m'lifupi ndi mamita 100 mpaka 150 m'litali. Pa msewu wopapatiza, siteshoni imaphimba msewu wonse. Mwina munaona ku Bangkok, pa siteshoni ya Siam kapena pa msewu wa Silom, mmene kunsi kwake kumakhalira: mdima masana, utsi wa magalimoto wosowa kotulukira, mkokomo wa mabasi ukubwerera kuchokera kudenga. N'chifukwa chake msewu woyenera njanji yotere uyenera kukhala wotambalala mamita 25 mpaka 30 kuchokera pa khoma la nyumba za mbali ino kufika pa khoma la tsidya linalo. Ukachepa pamenepo, sitima imadutsa pa mawindo a anthu, ndipo ozimitsa moto amasowa poimika makwerero awo. Phokoso limakula kwambiri pokhota, pamene mawilo achitsulo amakhuzana ndi njanji n'kumalira mokweza. Mankhwala ake ndi kupewa makona akuthwa, kupaka girizi m'mbali mwa njanji, kuwotcherera njanji kuti isakhale ndi mipata, kuika labala kunsi kwake, ndi kumanga timakoma totchinga phokoso m'mbali mwa mlatho. Njanji zakale za ku New York zinali za zitsulo zokhazokha, zaphokoso ndi zodetsa misewu, moti ya pa Third Avenue ku Manhattan anaitseka mu 1955 kenako n'kuigwetsa. Milatho ya konkire ya masiku ano ndi yachete kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, koma musakhulupirire munthu wokuuzani kuti ilibe phokoso.

Pali chinthu china chimene ojambula mapulani amakonda kuchichepetsa: masitepe. Pokwerera sitima pamakhala mamita 10 mpaka 15 kuchokera pansi, msinkhu wa nyumba ya nsanjika zitatu kapena zinayi. Kwa wachinyamata wonyamula foni yokha si kanthu. Kwa agogo, mayi woyembekezera, munthu wa pa njinga ya olumala, kapena inu mutanyamula zikwama za katundu wopikula, ndi phiri. BTS inatsegulidwa masiteshoni ambiri alibe zikepe, mpaka anthu aulumali anakasuma, ndipo mu 2015 khoti lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma ku Thailand linalamula kuti zikepe ziikidwe. Kuika chikepe siteshoni itatha kale n'kodula ndi kovuta kuposa kuchiika pa pulani yoyamba. Ndipo chikepe ndi masitepe oyenda okha ndi zinthu zoyamba kufa ndalama zokonzera zikayamba kuchepa.

Tsopano za kugwa zimene achimwene anu akunena. Zinachitikapo, ndipo sindingakubisireni. Pa 3 May 2021 mumzinda wa Mexico City mlatho wa njanji ya Line 12 unathyoka sitima ili pamwamba, anthu 26 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti mabawuti olumikiza mitanda yachitsulo ndi silabu ya konkire anali owotchereredwa molakwika, ena oikidwa posayenera, ena kunalibiretu, ndipo kuyendera mlathowo sikunali kokwanira kuti ming'alu ioneke nthawi ilipo. Njanji imeneyo inali isanakwanitse ngakhale zaka 10. Ku Delhi, mu July 2009, mutu wa chipilala unathyoka ntchito yomanga ili mkati, gantry inagwa n'kupha anthu 6. Pa ngozi ziwirizi palibe chinsinsi cha sayansi chimene chinadabwitsa akatswiri. Panali ntchito yothamangitsa ndi kuyang'anira kofooka. Chitetezo chimachokera apa: pulani ya kampani imodzi iunikidwe ndi kampani ina yosagwirizana nayo, konkire wa chipilala chilichonse atengedwe zitsanzo n'kuyesedwa pa masiku 7 ndi 28, zowotcherera ziunikidwe ndi makina osati ndi maso okha, ndipo mlatho ukayamba ntchito uziyenderedwa chaka ndi chaka, mwakuya zaka zingapo zilizonse. Oyendera amayang'ana ming'alu, madontho a dzimbiri otuluka mu konkire, mabering'i ong'ambika kapena osuntha, ndi ngalande zotsekeka, chifukwa madzi oima pa mlatho ndi amene amalowa n'kudya zingwe zija mwakachetechete. Kwathu kuno tingawonjezere zivomerezi. Dziko lathu lili m'chigwa chong'ambika, tinaziona ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, choncho zipilala zingafunike zitsulo zomangira zothithikana ndi zotchingira kuti mtanda usaterereke pa chipilala nthaka ikagwedezeka. Zimenezi n'zotheka, Japan ndi Taiwan amachita, koma zimawonjezera mtengo.

Ngozi imene imachitika kawirikawiri ndi yaing'ono kuposa imeneyo: sitima kuima pakati pa masiteshoni magetsi atazima. Pansi mukhoza kungotsika n'kuyenda. M'mwamba anthu 1,000 ali m'mabogi otseka, mafani aima, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye pamafunika kanjira koyendamo m'mbali mwa njanji, ogwira ntchito ophunzitsidwa kutulutsa anthu, ndi njira yotsimikiza kuti magetsi azimitsidwadi, chifukwa sitima za BTS zimatenga mphamvu ya mavoti 750 pa njanji yachitatu imene ili pambali pa ziwiri zoyendapo mawilo. Mukadzakweranso, sitima ikaima choncho musatsegule chitseko nokha, dikirani ogwira ntchito.

Tifike pa ndalama, pamene njanji zambiri zimagwera. Kilomita imodzi ya njanji ya m'mwamba, pamodzi ndi masiteshoni, sitima, magetsi ndi depoti, imadya madola mamiliyoni makumi angapo, kwina kupitirira 100 miliyoni. Sitima yokongola imene munakwerayo inatsala pang'ono kumiza eni ake. Inamangidwa ndi kampani yoima payokha pa ngongole, zambiri za ndalama zakunja, ndipo mu 1997 ndalama ya ku Thailand inagwa mphamvu kwambiri, ngongole ija n'kutupa. Itatsegulidwa, ndi makilomita pafupifupi 23, okwera sanafike ngakhale theka la amene ankayembekezeka. Tikiti inali yodula kuposa basi, ndipo njanji inkathera pafupi, osafika kumene anthu ambiri amagona. Kampaniyo inachita kukambirananso ngongole zake kudzera kukhoti. Zinthu zinasintha patapita zaka, njanji itatalikitsidwa, atamanga timilatho ta oyenda pansi tolowa mwachindunji m'mashopu akuluakulu ndi m'maofesi, ndiponso nyumba zogona zazitali zitamera mozungulira masiteshoni. Mliri wa Covid usanafike inkanyamula anthu oposa 600,000 pa tsiku la ntchito. Mumzinda womwewo munali ntchito ina yotchedwa Hopewell, ya njanji ndi msewu wa m'mwamba, imene inaima ndalama zitatha ndipo mgwirizano wake unathetsedwa mu 1998. Zipilala zake zinakhala zaka zambiri zitangoima zopanda chonyamula.

Ku Africa kuno zitsanzo zilipo. Ku Lagos gawo loyamba la Blue Line, makilomita 13 kuchokera ku Marina kufika ku Mile 2, linayamba kunyamula anthu mu September 2023 patatha zaka zoposa 10 chiyambireni kumanga. Ku Addis Ababa njanji ya sitima zing'onozing'ono, imene mbali ina ili m'mwamba, inatsegulidwa mu 2015 pa mtengo wa madola 475 miliyoni, ambiri a ngongole ya ku China. Inayamba ndi sitima 41, koma panafika nthawi imene zoposa theka zinali zitaima ku depoti kusowa zipangizo zosinthira. Tikiti amalipira ndi ndalama ya m'dzikomo, pamene mawilo, mabuleki, mamota ndi makompyuta a zizindikiro amagulidwa ndi madola. Inu amene mumasaka ndalama zakunja kuti mukapikule katundu mukudziwa tanthauzo lake, ndipo mukukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Njanji za m'tauni zochepa kwambiri padziko lapansi ndi zimene zimabweza ndalama zomangira kuchokera pa matikiti. Zambiri zimafuna thandizo la boma chaka chilichonse, ndipo boma limene silinakonzekere thandizo limenelo lisayambe n'komwe.

Ndikuuzeninso mosapsatira kuti sitima siichotsa kuthithikana kwa magalimoto. Inu ndinu mboni: pansi pa BTS msewu wa Sukhumvit ndi wodzazabe. Anthu ena akasiya magalimoto n'kukwera sitima, mpata umene watseguka umakopa ena amene ankaopa kutuluka. Phindu lake ndi lakuti anthu zikwizikwi apeza njira ina yosadalira msewuwo, ndipo tauni ikhoza kukula popanda kutsamwa.

Nanga kwathu? Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre, pamene Bangkok ndi madera ozungulira ali ndi anthu oposa 10 miliyoni. Komabe chiwerengero cha mzinda wonse si chimene timayang'ana kwenikweni. Funso ndi lakuti: pa msewu umodzi, pa ola lotanganidwa kwambiri, ndi anthu angati akulowera mbali imodzi? Njanji ya m'mwamba imayamba kukhala yanzeru chiwerengerocho chikamayandikira 15,000 mpaka 20,000. Pa maonekedwe okha, msewu wa Masauko Chipembere ndi woyenera kuposa ina yonse m'dziko muno: ndi wotambalala, uli ndi mpata pakati, ndipo ukulumikiza matauni awiri otalikirana makilomita osafika 10, kudutsa pa Ginnery Corner, Chichiri ndi Maselema. Vuto ndi lakuti okwera sagona m'mbali mwa msewuwo. Ali ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Chirimba ndi Machinjiri. Munthu wa ku Bangwe angafunike minibasi yofika ku Limbe, masitepe, sitima, masitepe ena, mwinanso kabaza. Akalipira katatu pa ulendo umodzi, adzasankha kukhalabe mu minibasi. Lilongwe ndiye yomwazika kwambiri, Area 25 kumpoto, Area 23 ndi Area 36 kum'mwera, Chinsapo ndi Likuni kumadzulo, pakati pali mipata ikuluikulu yopanda wokwera. Onjezanipo magetsi. Njanji yotere imafuna nthambo ziwiri zochokera kosiyana, komanso timasiteshoni ta magetsi pa makilomita awiri kapena atatu aliwonse, ndipo jenereta wamba sangakoke sitima. Tinaona mu January 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yaitali.

Maganizo anga ndi akuti pa zaka zimene zikubwerazi ndalama zomwezo zingathandize anthu ambiri zitapita ku mabasi akuluakulu oyenda mu mizere yawoyawo, yotchingidwa ndi konkire kuti galimoto ina isalowemo. Mizere yotere imapereka chinthu chija chimene chinakufikitsani msanga ku Bangkok, njira yakeyake, pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo ikayendetsedwa bwino imanyamula anthu 10,000 kapena kuposerapo pa ola. Ku Dar es Salaam anayamba mu 2016 ndi makilomita pafupifupi 21 motsatira msewu wa Morogoro, ndipo ulendo wochokera ku Kimara kupita pakati pa mzinda unafupika kwambiri. Nawonso akumana ndi zawo, mabasi kuchepa, anthu kupanikizana, madzi kusefukira pa Jangwani, ndipo zimenezi n'zofunika kuziphunzira tisanatengere. Pamene pavuta kwambiri, monga pa raundabauti yaikulu kapena pa mtsinje, mukhoza kukweza kachigawo kochepa kokha m'mwamba. Palinso njanji yakale imene ikulumikiza kale siteshoni ya Blantyre ndi ya Limbe. Ndi ya mzere umodzi ndipo imanyamula katundu, koma malo ake alipo, ndipo n'koyenera kuwerengera ngati ingathe kunyamula anthu a m'tauni itakonzedwa. Chimene khonsolo ingachite lero popanda ngongole ndi kuteteza malo: kusalola kumanga m'malire a misewu ikuluikulu, kusunga mpata wa pakati, kusunga malo a mahekitala angapo a depoti, ndi kulola nyumba zogona zosanjikizana m'mbali mwa msewu umene ukuyembekezeka kudzakhala ndi njanji. Mizinda imene inachita zimenezi inamanga motchipa nthawi itakwana. Eni maminibasi, madalaivala ndi makondakitala akhale nawo pa zokambirana kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi amene adzabweretsa anthu ku siteshoni, ndipo akasiyidwa kunja amakhala opikisana nayo.

Tsiku limene mudzamve kuti ntchito yotere, kaya ya njanji kaya ya mabasi, ikudutsa pafupi ndi shopu yanu, musadikire mpaka makina afike. Pitani ku ofesi ya mapulani ku khonsolo mukaone mapu a njira ndi malire a malo amene atengedwe. Funsani lipoti lounika mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, limene ntchito zikuluzikulu zimayenera kukhala nalo, ndipo pa misonkhano ya anthu okhudzidwa mukafunse mafunso enieni: anthu angati pa ola awerengedwa pamsewu, anawerenga ndani, tikiti idzakhala ndalama zingati poyerekeza ndi minibasi, zipangizo zosinthira zidzagulidwa ndi ndalama za ndani kwa zaka 10 zoyamba, khomo la shopu lidzatsekedwa miyezi ingati. Ngati malo kapena nyumba yanu ikukhudzidwa, pezani katswiri wovomerezeka woyesa mtengo wa malo ndi loya musanasaine chilichonse cha chipukuta misozi, ndipo sungani mabuku a malonda anu a zaka zapitazo, chifukwa ndi amene amasonyeza zimene mwataya. Jambulani makoma anu mkati ndi kunja ntchito isanayambe, zithunzizo zikhale ndi deti. Ming'alu ikadzaoneka pamene akuboola nthaka pafupi, itanani injiniya wa zomangamanga wolembetsedwa adzaiyeze ndi kulemba lipoti sabata yomweyo, musanaimate.